Tifunseni: atombolombo a mvula yoyamba aja amachokera kuti?

Mwezi uno mauthenga ambiri amene abwera pa WhatsApp ndi okhudza tombolombo, kachilombo kaja ana amakatchula kuti helikopita. Ndasankhapo asanu, ena ndawafupikitsa pang'ono.

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndimakhala kufupi ndi nyanja kuno ku Nkhotakota. Chaka chilichonse mvula ikamayandikira, cha mu Novembala mpaka Disembala, pamwamba pa munda wathu wa mpunga pamadzaza atombolombo achikasu ambirimbiri, koma nthawi ya chilimwe sitiwaona choncho. Mwana wanga wa ku sekondale akuti aphunzitsi anawauza kuti amachokera ku India. Ine ndinamukanira, kachilombo kochepa ngati chala kangawoloke bwanji nyanja yamchere?
Bambo wa ku Nkhotakota

YANKHO: Bambo, mwanayo musamukanirenso, aphunzitsi akewo ali ndi mfundo, ngakhale nkhani yake ndi yaitali kuposa kungoti achokera ku India basi. Atombolombo achikasu amene amauluka m'chigulu mvula ikamayamba, osateratera, kumangolendewera m'mwamba ngati pali chimene akudikira, dzina lawo la sayansi ndi Pantala flavescens. Kutalika kwake ndi masentimita pafupifupi 5, kulemera sakwana olo theka la galamu imodzi. Mukadzagwira mmodzi mudzayang'ane mapiko akumbuyo, mudzaona kuti cha kufupi ndi thupi ndi otambalala kwambiri kusiyana ndi a anzake, nde chinsinsi chake chili pamenepo, iyeyu sakupiza mapiko nthawi zonse, amangowatambasula mphepo n'kumamutenga ngati mmene amachitira kabawi.

Amene analondola nkhaniyi bwinobwino ndi Charles Anderson, katswiri wa zamoyo za m'nyanja amene wakhala zaka zambiri ku Maldives, tizilumba ta kumwera chakumadzulo kwa India. Chimene chinkamudabwitsa n'choti chaka ndi chaka cha mu Okutobala atombolombo miyandamiyanda amafika pa tizilumbato, chonsecho kumeneko mitsinje kulibe, madzi opanda mchere oti angaikiremo mazira ndi osowa. Nde anayamba kulemba masiku amene afika, kufunsanso anthu a ku India, ku Seychelles ndi kum'mawa kwa Africa, ndipo masikuwo atawaika pamzere anaona kuti akutsatana, kumwera kwa India kaye, kenako Maldives mu Okutobala, Seychelles mu Novembala, mpaka kumtunda kuno. Lipoti lake linatuluka mu 2009. Iye anawerengetsa kuti kuwoloka nyanjayo ndi makilomita pafupifupi 3,500, tinene kuti kuchoka ku Nsanje kukafika ku Chitipa kanayi, popanda potera. Amakwera m'mwamba kuposa mamita 1,000 kumene mphepo ya nyengo imeneyo imawomba cholowera ku Africa kuno.

Nanga akuvutikiranji? Akutsatira mvula bambo. Mzere wa mvula uja a zanyengo amautchula pa wailesi kuti ITCZ, umene ukatsikira kuno dzinja limayamba, iwowa amayenda nawo. Amaikira mazira m'zithaphwi za mvula, momwe mulibe nsomba zoti zidye ana awo, ndipo mphutsi zake zimakula msangamsanga, miyezi iwiri isanakwane zakhala kale atombolombo a mapiko, chithaphwi chisanaphwe. Mitundu ina yambiri mphutsi zake zimatha miyezi yambiri m'madzi, zina zaka. Anderson anati ulendo wonse wopita ndi kubwerera ukhoza kukwana makilomita 14,000 mpaka 18,000 koma sauyenda mmodzi, ndi mibadwo ngati inayi, agogo kuyamba ulendo, zidzukulutudzi kukaumaliza.

Tsono za DNA, chimene chimasunga malangizo a chibadwa m'thupi la chamoyo chilichonse, zinabwera pambuyo kudzaikira umboni. Mu 2016 Daniel Troast, Jessica Ware ndi anzawo, ntchito yake inachitikira pa yunivesite ya Rutgers ku America, anatenga atombolombo a mtundu umenewu ku Texas, kum'mawa kwa Canada, ku South America, ku India, ku Japan ndi ku Korea n'kuyerekeza DNA yawo. Nthawi zambiri zamoyo zokhala motalikirana chonchi DNA imasiyana, wa ku India amakhala ndi chizindikiro chakechake, wa ku Canada chakenso. Awa ayi ndithu, anapezeka osakanikirana ngati a mudzi umodzi, kusonyeza kuti amayenderana n'kumakwatirana dziko lonse lapansi. Kumene anapezeka osiyana, pa kafukufuku wina, ndi pa chilumba cha Rapa Nui, china chija amati Easter Island, chimene chili makilomita oposa 3,500 kuchokera ku gombe la Chile. Kumeneko a mtundu womwewu anasiya zoyendayenda, amauluka chapansipansi kuopa kukokedwa ndi mphepo kukagwera m'nyanja, ndipo DNA yawo yapatuka pa ya anzawo.

Chimene ndikufuna mumuuze mwanayo ndi ichi. DNA imatiuza ubale, sitiuza msewu umene kachilombo kadutsa. Za msewu anagwiritsa ntchito njira ina, anayeza mapiko a atombolombo ogwidwa ku Maldives, poti mapiko amasunga chizindikiro cha madzi amene mphutsi inakuliramo, ndipo mu 2012 zinaoneka kuti ambiri anabadwira kumpoto kwa India. Nde a pamunda panuwo n'kutheka kuti ambiri amaswedwa konkuno ku Africa m'zithaphwi za mvula ya kumpoto kwathuku ndi yathu yomwe, koma ndi banja limodzi ndi owoloka nyanja aja. Pali ngakhale kambalame kolusa kotchedwa Amur falcon kamene kamaswana ku Siberia ndi kumpoto kwa China n'kudzakhala dzinja kumwera kwa Africa kuno, nakonso kamawoloka nyanja yomweyo nyengo yomweyo, ndipo akatswiri amaganiza kuti atombolombo amenewa ndiwo kamba wake wa paulendo.

FUNSO: Ndili Fomu 4 ndipo ndimakonda Biology. DNA ya munthu ndimamva kuti amatenga magazi kapena malovu. Nanga ya tombolombo amaitenga bwanji poti magazi ake saoneka? Ndipo za majini zimandisokoneza, agogo anga akamva mawu amenewa amaganiza zina.
Mtsikana wa ku Mchinji

YANKHO: Chemwali, agogo muwatsimikizire kuti majini amene tikunena pano si a mizimu aja, awa ndi malangizo a chibadwa amene ali m'selo iliyonse ya chamoyo, olembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, zondandalikana mosiyanasiyana. Magazi safunika. Kamwendo kamodzi kokha n'kokwanira, amakadula n'kukaika m'kabotolo ka spiriti kuti kasawole, tombolomboyo pena amamusiya n'kuulukanso. Ena safuna n'komwe kugwira wamoyo. Mukapita kudambo m'mamawa mudzayang'ane pa bango kapena pa udzu wotuluka m'madzi, mudzapeza kachikhungwa kouma kofiirira, kong'ambika kumsana, miyendo yake itagwirabe bangolo zolimba ngati kadakali ndi moyo, mkati muli mbee. Limenelo ndi khungu limene mphutsi yafundula usiku potuluka m'madzi kuti ikhale tombolombo, ndipo nalonso limatha kupereka DNA. Masiku ano afika potunga madzi enieniwo a mumtsinje n'kusefa tizidutswa ta DNA timene zamoyo zasiyamo.

Ku labu amanyenya kamwendo kaja, kutulutsa DNA, kuichulukitsa ndi makina a PCR, omwe aja tinawamva kwambiri nthawi ya Covid, kenako makina ena amawerenga zilembo. Kachigawo kamene amakonda kuwerenga amakatcha COI, kali ndi zilembo pafupifupi 650. Kameneka kamachokera kwa mayi yekha, bambo saperekako, nde ife a chikamwini sitingavutike kumvetsa, kali ngati kulondola bele, mwana kwa mayi, mayi kwa agogo aakazi, mpaka kukafika kwa kholo la mbumba yonse. Awiri akakhala kuti zilembo zawo zikufanana pafupifupi zonse ndiye kuti mabele awo anasiyana posachedwa, zikasiyana kwambiri ndiye kuti anapatukana kalekale, mwinanso ndi mitundu iwiri yosiyana ngakhale pamaso akuoneka ofanana. Koma poti bele limodzi silinena mbiri yonse ya munthu, akatswiri tsopano amawerenganso malo zikwizikwi a DNA yochokera kuchimuna ndi kuchikazi komwe.

Ndipo ntchito ilipo yambiri kuno kwathu. Mu 2015 akatswiri atatu, Klaas-Douwe Dijkstra, Jens Kipping ndi Nicolas Mézière, analengeza mitundu 60 yatsopano ya atombolombo a mu Africa pa nthawi imodzi, ina mwa iyo ya ku Zambia konkuno, chiwerengero cha Africa n'kuchoka pa 700 kufika cha m'ma 760, ndipo DNA inathandiza kusiyanitsa ambiri mwa iwo. Limbikirani Biology yo, ndikunena mochokera pansi pa mtima, ntchito zoterezi zikufunika ana a konkuno amene madambo akuwadziwa.

FUNSO: Ndimagwira ntchito kuno ku Dublin, Ireland. Mu Julayi ndinaona tombolombo wamkulu wa buluu padziwe la mu paki, ndendende amene tinkathamangitsa kudambo kwathu ku Dedza. Mkulu wina wa konkuno anandiuza kuti iye ali mwana amenewa kunalibe. Kodi ndi zoona, ndipo achita kuchokera kwathu?
Mayi wa ku Dublin

YANKHO: Mayi, maso anu sanakunamizeni ndipo mkuluyo wanena zoona. Mmene mwafotokozeramu akumveka ngati Anax imperator, wamphongo amakhala ndi mimba ya buluu ndi chifuwa chobiriwira, amazungulira dziwe ngati mlonda osafuna mnzake ayandikire. Mtundu umenewu ulipo kwathu, ulipo mpaka ku Cape, uliponso ku Europe kuyambira kale, koma ku Ireland unayamba kuoneka mu 2000. Amene munamuonayo sanachoke ku Dedza ayi, makolo ake anachokera kufupi konko, mbali za kumwera zofundirako, kungoti malire a kumene mtunduwo ungakhale akusunthira kumpoto chifukwa kukutentha. Mphutsi ya tombolombo imadalira kufunda kwa madzi kuti ikule, nde dziwe limene kale linali lozizira kwambiri likafundako pang'ono basi malo apezeka, ndipo poti ndi akatswiri ouluka sachedwa kufikako.

Ku Britain anthu wamba akhala akulemba atombolombo amene awaona kwa zaka zambirimbiri, nde zinatheka kuyerekeza. Kafukufuku wa mu 2005 anayang'ana mitundu 37 ndipo anapeza kuti pakati pa zaka za 1960 mpaka 1970 ndi za 1985 mpaka 1995 malire a kumpoto anasuntha makilomita 74 tikatengera pakatikati. Enieni a ku Africa nawo awoloka. Mumamudziwa uja wamphongo wake ndi wofiirira mopita ku pepo, amakonda kutera pa kamtengo m'mbali mwa Shire kapena kunyanja atagwetsa mapiko kutsogolo, dzuwa likaswa mtengo n'kuimika mchira m'mwamba? Ameneyo ndi Trithemis annulata. Anaoneka ku Spain kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pofika 1994 anali atalowa ku France. M'bale wake Trithemis kirbyi, wofiira ngati moto amene amakonda kukhala pamiyala yotentha, anafika ku Spain mu 2007. Winanso wofiira psuu, Crocothemis erythraea, anaoneka koyamba ku Britain mu 1995.

Pamene DNA ikulowera ndi apa. Tiyerekeze muli ndi thumba la nyemba zosakaniza, muli nanyati, kholophethe, kalima ndi zina, ndiye mwatapa dzanja limodzi kukadzala kumunda watsopano, chaka chamawa mwatapanso dzanja limodzi pa zokololazo kukadzala kutsogolo, mukamafika munda wachisanu mitundu ina yatayika m'njira, mwatsala ndi iwiri kapena umodzi. Zamoyo zikamasamuka mwa ochepaochepa zimachitikanso chimodzimodzi, a kutsogolo amanyamula gawo lochepa la chibadwa cha mtundu wawo, ndipo zimenezo zimawaika pachiswe kukagwa matenda kapena nyengo yachilendo. Akatswiri a pa yunivesite ya Leuven ku Belgium anayeza zimenezi pa Coenagrion scitulum, mmodzi wa atombolombo owonda ngati singano aja amene akatera amapinda mapiko kumsana. Anapeza kuti magulu a kutsogolo ayamba kusiyana okhaokha pa DNA koma chimene ataya n'chochepa, ndipo chinanso, a kutsogolowo amauluka mwamphamvu kuposa otsala kumbuyo. Zikumveka eti, amene amafika patsogolo ndi olimba mapiko, akakwatirana okhaokha ana awonso amatengera.

Ku Sweden Rachael Dudaniec ndi anzake mu 2018 analondola katombolombo kena kowonda kotchedwa Ischnura elegans mtunda wa makilomita pafupifupi 500 cholowera kumpoto, ndipo anaona kuti majini ena, kuphatikizapo othandiza thupi kupirira kutentha ndi kuzizira kodzidzimutsa, akusintha malinga ndi dera. Kameneka komweka ku Spain kakulowerera dera la m'bale wake Ischnura graellsii n'kumaswana naye, moti malo ena chibadwa cha mwini dera chikusungunukira mwa mlendo. Apa ndi pamene ine ndimaima kaye anthu akamasangalala kuti atombolombo akuchuluka ku Europe. Lipoti la Britain ndi Ireland la mu 2021 linati mitundu 19 mwa 46 yachuluka kuyambira 1970, inde, koma 5 yachepa, ndipo mwa ochepawo muli okonda malo ozizira a m'madambo a kumapiri. Wokonda kutentha akamapeza malo atsopano, wokonda kuzizira malo ake akutha.

FUNSO: Akuti atombolombo amadya udzudzu. Ndiye tikawaweta malungo sangathe? Komanso n'chifukwa chiyani amakonda kugunditsa mchira pa boneti ya galimoto yanga ndikangoitsuka?
Dalaivala wa ku Lunzu

YANKHO: Achimwene, amadyadi, wamkulu amagwira udzudzu m'malere ndipo mphutsi yake m'madzi imadya mphutsi za udzudzu. Ku Yangon m'dziko la Myanmar anayesapo kuika mphutsi za tombolombo m'migolo yosungira madzi m'makomo ndipo udzudzu wofalitsa matenda a dengue unachepa kwambiri. Koma udzudzu wa malungo umaswana m'tizithaphwi tosawerengeka, olo m'mapondedwe a ng'ombe, ndipo umaluma usiku atombolombo ambiri atagona, nde neti musaisiye chonde. Za boneti zo, ameneyo ndi wamkazi akuikira mazira. Maso ake amazindikira madzi poona mmene kuwala kukunyezimira, ndipo penti yonyezimira ya galimoto, makamaka yakuda kapena yofiira, imamupusitsa. Mukayang'anitsitsa pamene wagundapo mupeza timadontho tachikasu, amenewo ndi mazira, pukutani msanga asanaumirepo.

FUNSO: Ndimaperekeza alendo okwera phiri la Mulanje. Mzungu wina anakhala tsiku lathunthu pa kamtsinje kumtunda akujambula katombolombo kofiira kowonda, akuti kameneka sikapezeka kwina kulikonse padziko. Ndi zoona? Ngati enawo akusamuka, kameneka sikangasamukenso?
Mnyamata wa ku Likhubula

YANKHO: Funso lanu ndi limene landikhudza kwambiri mwa onsewa, achimwene. Ndi zoona. Dzina lake ndi Oreocnemis phoenix, analilemba koyamba mu 1971 ndi Elliot Pinhey, katswiri wa tizilombo amene ankagwira ntchito ku myuziyamu ya ku Bulawayo. Kamakhala m'timitsinje tozizira ta pamwamba pa phiri, cha m'mamita 2,000, ndipo pagulu la Oreocnemis kali kokha, kalibe mnzake. Kwa zaka zambiri akatswiri anakaika m'banja lina potengera maonekedwe, koma atayeza DNA ya mabanja a atombolombo owondawa, lipoti la mu 2014 linakachotsa kumeneko n'kukaika m'banja la Coenagrionidae. Nde ngakhale ubale wake weniweni tauzindikira dzulodzuloli.

Kusamuka kumene mukufunsako ndiye vuto lake. Wa ku France kukatentha amapita ku Belgium, wa ku Belgium amapita ku Denmark, malo alipo kutsogolo. Wa paphiri kukatentha njira yake ndi imodzi, kukwera, ndipo Mulanje amathera pa Sapitwa, mamita 3,002, komwe ndi miyala yokhayokha, timitsinje toyenda chaka chonse ta udzu m'mbali timene kameneka kamafuna kumeneko n'tosowa. Kutsika sikangathe, pansi pali kutentha kwa Phalombe ndi minda ya tiyi, kwa iko phiri lija lili ngati chilumba pakati pa nyanja. Pantala uja wa ku Nkhotakota dambo limodzi likauma amangokwera mphepo kukafuna lina, abale ake ali mpaka ku Japan. Aka mtundu wonse uli pa phiri limodzi.

Ndipo si kutentha kokha. Moto wolusa wa chaka ndi chaka umatentha udzu wa m'mbali mwa mitsinje dothi n'kumakokolokera m'madzi, mkungudza inu nomwe mwaona mmene watheramo, paini wobwera uja amamera paliponse n'kuphimba timitsinje ndi mthunzi, komanso nkhani ya miyala ya bauxite, yopangira aluminiyamu, ya ku Lichenya imangobwerabwera, ndipo kukumba kumeneko kungakhudze madzi omwewo amene mphutsi zake zimakuliramo, omwenso anthu a m'munsi amamwa. Bungwe loona zoteteza zachilengedwe padziko lonse la IUCN mu 2021 litaunika mitundu 6,016 ya atombolombo padziko lonse linapeza kuti 16 pa 100 iliyonse ili pachiopsezo chotheratu, makamaka chifukwa cha kuwonongeka kwa madambo ndi mitsinje. Chondipatsa chiyembekezo ndi zimene zinachitika ku South Africa, kumene Michael Samways wa ku Stellenbosch ndi anzake anaona mitundu ina yosowa kwambiri ikubwereranso m'mitsinje anthu atadula mitengo yobwera imene inaphimba madzi. Ndipo poti mu 2025 UNESCO inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, mawu oteteza timitsinje timeneti tsopano ali ndi poimira.

Inuyo muli ndi mwayi umene akatswiri a kunja alibe, iwo amabwera sabata imodzi, inu mumakwera mwezi ndi mwezi. Mukakaona kajambuleni ndi foni, chithunzi cha m'mbali ndi cha pamwamba, osakagwira, lembani tsiku, dzina la kamtsinje ndi nyumba yogona alendo imene ili pafupi, kaya ndi Chambe, Lichenya kapena Thuchila, n'kuika pa iNaturalist, pulogalamu ya pafoni yoikapo zithunzi za zamoyo, ndi yaulere. Chiwerengero cha makilomita 74 cha ku Britain chija chinachokera m'zolemba zoterezi za anthu wamba. Mukaona mlendo akugwira n'kumaika m'timabotolo mufunseni mwaulemu kalata ya chilolezo cha boma, ofufuza enieni amayenda nayo ndipo sakwiya kuionetsa. Zithunzi zina mutitumizireko kuno tidzazisindikize mwezi wamawa.